Carter G. Woodson: ntchito yosunga mbiri ya anthu akuda ankaigwira bwanji?

Nabanda:
Akuluakulu, ukangofika mwezi wa Febuluwale chithunzi cha Carter G. Woodson chimazungulira pa intaneti, pansi pake atalemba kuti ndiye tate wa mbiri ya anthu akuda a ku America, nkhani n'kuthera pomwepo. Funso langa lili pa ntchito yeniyeniyo. Munthu wopanda boma kumbuyo kwake anasonkhanitsa bwanji mbiri ya anthu amene malamulo a madera ambiri ankawaletsa kuphunzira kulemba? Mapepalawo ankawapeza kuti? Ndalama zinkachokera kuti? Odziwa nkhaniyi tithandizeni, ndipo musabise pamene zinamuvuta.

Bambo Phiri:
Mayi Nabanda, tiyambire kumene anachokera, chifukwa kagwiridwe kake ka ntchito kanabadwira kumeneko. Anabadwa pa 19 Disembala 1875 ku New Canton, m'chigawo cha Virginia. Bambo ake James ndi mayi ake Anne Eliza onse anakhalapo akapolo. Sukulu ya kwawoko inkatsegulidwa miyezi yochepa pa chaka, ndipo mwanayo ankapitako kumunda kukapepuka ntchito. Atasinkhuka anakalowa m'migodi ya malasha ya m'boma la Fayette ku West Virginia.

Kumigodiko kunali mkulu wina, Oliver Jones, amene anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya ku America koma sankadziwa kuwerenga. Madzulo ankagulitsa zipatso ndi ayisikilimu kunyumba kwake, ndipo anapangana ndi Woodson kuti aziwerengera anzake a mumgodi manyuzipepala, malipiro ake n'kudya osalipira. Iye akawerenga, akuluakuluwo ankamuuza zomwe anaona ndi maso awo kunkhondo ndi m'zaka zotsatira. Anazindikira akadali mnyamata kuti zomwe zili m'mitu ya anthuwa m'mabuku mulibe.

Sekondale anaiyamba mu 1895 ku Douglass High School mumzinda wa Huntington, ali ndi zaka pafupifupi 20, n'kuimaliza pasanathe zaka ziwiri. Digiri yoyamba ya ku Berea College mu 1903, kuyang'anira masukulu ku Philippines mpaka 1907, madigiri a ku yunivesite ya Chicago mu 1908, kenako digiri ya udokotala ku Harvard mu 1912. Anali wakuda wachiwiri kuilandira kumeneko, woyamba anali W. E. B. Du Bois mu 1895.

Mbewe:
Ndiye munthu wa digiri ya ku Harvard anatha bwanji kumamanga mabuku ndi chingwe n'kumawanyamula yekha kupita nawo ku positi?

Bambo Phiri:
A Mbewe, nthawi imeneyo mayunivesite a azungu sankalemba ntchito mphunzitsi wakuda, digiri kaya ikhale yotani. Anaphunzitsa m'masekondale a anthu akuda ku Washington, ndipo ubwino wa mzindawo unali woti Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma, ili pomwepo ndipo wakuda ankaloledwa kuwerengamo. Chaka chofunika ndi 1915. Kanema wa The Birth of a Nation, wotamanda Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda, anatuluka chaka chimenecho. Ku Chicago kunali chionetsero chokumbukira zaka 50 ukapolo utatha, Woodson anaika tebulo lake la mabuku ndi zithunzi, n'kuona mizere ya anthu ofuna kudziwa mbiri yawo. Pa 9 Seputembala 1915, ku YMCA ya pa msewu wa Wabash, iye pamodzi ndi George Cleveland Hall, W. B. Hartgrove, Alexander L. Jackson ndi James E. Stamps anakhazikitsa bungwe la Association for the Study of Negro Life and History. Mawu akuti Negro ndi amene anthu akuda eni ake ankagwiritsa ntchito mwaulemu m'zaka zimenezo, n'chifukwa chake akupezeka m'maina onse a ntchito zake.

Msindikizi:
Chida chake chachikulu chinali magazini, Journal of Negro History, imene inayamba mu Januwale 1916. Kope loyamba linadya madola pafupifupi 400, ndipo ndalamayo anaibwereka poikiza inshulansi ya moyo wake. Inkatuluka kanayi pa chaka: Januwale, Epulo, Julayi, Okutobala. Taonani kamangidwe kake. Munali nkhani za kafukufuku, gawo la zolembedwa zakale, ndemanga za mabuku atsopano, ndi timauthenga kumapeto. Gawo lachiwirilo ndiye mtima wa zonse. Ankatenga kalata, wilo, chikalata chomasulira kapolo kapena maminitsi a msonkhano wa mpingo, n'kuzisindikiza zonse mmene zilili, zolakwika za kalembedwe osazikonza.

Chifukwa chake n'chapafupi. Kalata ya m'bokosi la banja ndi imodzi yokha, moto ukabuka kapena denga likadontha yapita. Kalata yomweyo ikasindikizidwa imakhala m'malaibulale mazanamazana nthawi imodzi. Kunalibe fotokope, kunalibe sikana. Kusindikiza kunali kusunga.

Chitsanzo chabwino chili m'kope lachiwiri la 1916. Anasonkhanitsa zilengezo za m'manyuzipepala a m'zaka za m'ma 1700 zimene eni akapolo ankalemba pofunafuna othawa. Munthu wofuna kuti kapolo wake agwidwe sanama pomufotokoza. Amalemba kuti amadziwa kuwerenga ndipo mwina wadzilembera chikalata chaulendo, amalankhula Chifalansa ndi Chingerezi, ndi kalipentala kapena wosula zitsulo, ali ndi mphini za kwawo kumaso, ali ndi zipsera za chikwapu kumsana. Bambo yemweyo pagulu ankanena kuti akapolo ndi mbuli zokhutira ndi moyo wawo. Woodson anamugwira ndi mawu ake omwe.

Nabanda:
Zikomo a Msindikizi. Nanga nkhani ya kalembera wa 1830 imene imatchulidwa kawirikawiri, anaichita motani?

Wankhokwe:
Imeneyo ndi ntchito yotopetsa kuposa zonse, ndipo ndi pamene timaona luso lake komanso pamene njirayo imaterera. Ndifotokoze pang'onopang'ono.

Pepala la kalembera wa 1830 lili ndi dzina limodzi lokha pa khomo lililonse, la mwini khomo. Ena onse ndi manambala m'mizere: azungu aamuna mwa misinkhu yawo, azungu aakazi, akapolo aamuna ndi aakazi, kenako anthu akuda omwe anali mfulu. Palibe mzere wonena kuti mwini khomoyo ndi wakuda kapena mzungu. Ndiye umadziwa bwanji? Umayang'ana khomo limene m'mizere ya azungu mulibe kanthu koma mumzere wa mfulu zakuda muli nambala. Pamenepo umaganiza kuti dzina lalembedwalo ndi la mmodzi mwa mfuluzo. Antchito a Woodson anayenda tsamba ndi tsamba, boma ndi boma, dziko lonse, akukopera dzina, malo, msinkhu ndi chiwerengero cha anthu pakhomopo. Maina oposa 30,000. Mlakatuli Langston Hughes analembedwa ganyu mu 1925 yosanja mainawo motsatira alifabeti ndi kuwerenga mapepala ochokera kosindikiza. Anakhalapo miyezi yochepa chabe, maso anamupweteka.

Munatuluka mabuku awiri. La 1924 ndi la anthu akuda amene kalembera anawaonetsa kuti ali ndi akapolo, oposa 3,700, akapolo awo oposa 12,000. La 1925 ndi la eni makomo onse akuda omwe anali mfulu. Kuti muone kukula kwa chinthucho, chaka chimenecho mfulu zakuda zinali pafupifupi 320,000, akapolo oposa 2 miliyoni. Anasankha 1830 chifukwa chaka chotsatira kunachitika kuukira kwa akapolo kotsogoleredwa ndi Nat Turner ku Virginia, ndipo zitatero malamulo opanikiza mfulu zakuda anakhwima, ambiri n'kusamuka.

Tsono poterera ndi apa. Mwini munda wachizungu amakhala m'tauni, kumunda kwake kuli akapolo 40 ndi munthu wakuda mmodzi yemwe ndi mfulu. Wolemba kalembera walemba dzina la mzunguyo, koma m'mizere ya azungu sanaikemo kanthu poti mwiniyo sagona kumeneko. Iwe ukabwera ndi lamulo lija, mzunguyo umusandutsa wakuda wolemera wa akapolo 40. Woodson vutoli analidziwa, moti buku la 1924 lili ndi gawo la eni minda okhala kutali, komabe maina ena analowa molakwika ndipo ofufuza a pambuyo pake anawatulukira. Kukonza kwake n'kutenga dzina lililonse n'kukalifufuza m'kaundula wa msonkho, m'mawilo, m'mabuku a malo, ndi m'kaundula wa mfulu zakuda amene makhoti a maboma a ku Virginia ankasunga kuyambira 1793. Kalembera amangokulozera khomo, kulowamo n'kwa mapepala enawo.

Mbewe:
Apa ndimakayikira kuti mwina anakometsera nkhani. Ananena kuti akuda ambiri okhala ndi akapolo anali ogula abale awo. Si kudziteteza kumeneko?

Wankhokwe:
Mfundo yake ili ndi maziko, achimwene. Ku Virginia lamulo la 1806 linkati kapolo akamasulidwa atuluke m'chigawocho pasanathe miyezi 12, apo ayi agulitsidwenso. Ndiye bambo amene wagula mkazi wake ndi ana, akawamasula ndiye kuti wawathamangitsa. Ambiri anangowasiya pa pepala ngati akapolo ake kuti banja lisapasuke. N'chifukwa chake makomo ochuluka m'ndandandamo ali ndi kapolo mmodzi kapena awiri. Koma kukayikira kwanu sikuli kwachabe. Larry Koger atafufuza za ku South Carolina m'buku lake la 1985 anapeza kuti kumeneko ambiri ankagula ndi kugwiritsa ntchito akapolo pofuna phindu, ndipo ku Louisiana kunali minda ikuluikulu ya eni ake akuda. Woodson sanabise kuti otere analipo, koma anawapeputsa. Chomwe ndimamulemekezera n'chakuti mainawo anawasindikiza onse, ngakhale nkhaniyo inali yochititsa manyazi kwa ena, moti omutsutsa anamutsutsa pogwiritsa ntchito ndandanda yake yomwe.

Mayi Nangondo:
Ndiwonjezere kwa amene akufuna kutsata mabanja a kumeneko. Kalembera woyamba kutchula dzina la mfulu iliyonse ndi wa 1850. Akapolo mu 1850 ndi 1860 analembedwa pa mapepala apadera, pansi pa dzina la mbuye wawo, msinkhu, khungu ndi zoti ndi mwamuna kapena mkazi, dzina ayi. Woyamba kutchula akuda onse ndi maina ndi wa 1870. Wa 1890 pafupifupi wonse unawonongeka ndi moto ndi madzi ozimitsira mu Januwale 1921 ku Washington. Apa mutha kuona chifukwa chake ndandanda ya 1830 ikadagwirabe ntchito mpaka lero.

Nasimango:
Za mapepala zamveka. Nanga mawu a pakamwa? Munthu amene anaphunzira mbiri pakhonde la Oliver Jones sakanasiya kufunsa okalamba.

Mayi Nangondo:
Magazini yake inasindikiza zoterezi boma lisanaganize n'komwe. John B. Cade wa ku Southern University ku Louisiana anayamba mu 1929 kutuma ophunzira ake, ambiri a iwo aphunzitsi a m'midzi, kukafunsa okalamba amene anabadwira mu ukapolo. Zotsatira zake zinatuluka mu Journal mu 1935. Ntchito ya boma inabwera pakati pa 1936 ndi 1938 ndipo inafunsa anthu oposa 2,300, koma ofunsa ambiri anali azungu a kummwera komweko.

Kuipa kwake kumaoneka pa gogo wina wa ku Charleston amene anafunsidwa kawiri, dzina lake n'kulembedwa Susan Hamlin pena, Susan Hamilton pena. Kwa mayi wachizungu Jessie Butler, amene gogoyo ankamuyesa wa ku ofesi yopereka thandizo kwa okalamba, anasimba za mbuye wachifundo, zovala ndi chakudya chokwanira. Kwa Augustus Ladson, wakuda mnzake, anasimba za zikwapu ndi kulira kwa azimayi ana awo akugulitsidwa. Munthu mmodzi, chaka chimodzi. Ndiye wofunsa okalamba azilemba pamwamba pa pepala dzina la wofunsa, tsiku, malo, amene analipo pocheza, ndi zomwe gogoyo anauzidwa kuti mwadzera. Mafunso alembedwe pamodzi ndi mayankho, chifukwa funso loti "ankakusamalani bwino eti?" limabereka yankho lake lokha. Ndipo kucheza kumodzi sikukwana, mubwerenso kachiwiri ndi kachitatu.

Vuto lina linamugwera Woodson mwini. Mu 1927 anatuma Zora Neale Hurston ku Alabama kukacheza ndi Cudjo Lewis, mmodzi mwa anthu amene anabwera pa sitima ya Clotilda mu 1860, yomaliza kudziwika kuti inabweretsa akapolo kuchokera ku Africa. Nkhani inatuluka mu Journal chaka chomwecho. Patapita zaka zoposa 40 kunadziwika kuti mbali yaikulu inakoperedwa m'buku la 1914 la Emma Langdon Roche. Mkonzi amene akugwira yekha ntchito ya anthu asanu sangathe kutsimikiza ndime iliyonse. Mankhwala ake n'kufuna kuti wofufuza apereke kope lake la kumunda pamodzi ndi nkhani yomalizidwa.

Nabanda:
Tsopano ndalama. Zonsezi zinkalipiridwa ndi yani?

Bambo Phiri:
Poyamba ndi thumba lake la uphunzitsi, olembetsa magazini, ndi anthu ochepa achuma ngati Julius Rosenwald. Anakhala mkulu wa gawo la maphunziro ku Howard University mu 1919, koma anasemphana ndi mtsogoleri wachizungu wa yunivesiteyo, J. Stanley Durkee, n'kuchoka patangotha chaka. Anapita ku West Virginia Collegiate Institute mpaka 1922. Mu 1921 bungwe la Carnegie linalonjeza madola 25,000, ndipo chaka chotsatira thumba la Laura Spelman Rockefeller linaperekanso 25,000. Apo m'pamene anasiya uphunzitsi, n'kugula nyumba ya nambala 1538 pa Ninth Street ku Washington mu 1922. Pansi panali posungira ndi kutumizira mabuku, pakati maofesi, pamwamba pogona pake. Sanakwatire. Ndalama zimenezo ndizo zinalipira ofufuza ngati A. A. Taylor, amene analemba za anthu akuda a ku South Carolina ndi Virginia m'zaka zotsatira nkhondo, kutsutsa chiphunzitso chofala chakuti akuda atapatsidwa voti anangowononga boma.

Pofika 1933 mipope yonseyo inali itatsekedwa. Opereka thandizo ankafuna kuti bungwelo lilowe pansi pa yunivesite ina ndipo pakhale omuyang'anira. Iye anakana. Ankakhulupiriranso kuti Thomas Jesse Jones wa thumba la Phelps-Stokes ndiye ankamunenera zoipa kwa eni ndalama.

Nasimango:
Jones ameneyo ndi yemwe uja anabwera kuno?

Bambo Phiri:
Yemweyo. Anatsogolera gulu la Phelps-Stokes limene linayendera masukulu a kummawa ndi pakati pa Africa mu 1924, mu Nyasaland momwemo, James Aggrey wa ku Gold Coast ali m'gulumo. Chiphunzitso chake chinali chakuti munthu wakuda, kaya wa ku Alabama kaya wa kuno, maphunziro omuyenera ndi a ulimi, ntchito zamanja ndi ukhondo wa pamudzi, osati ochuluka a m'mabuku. Boma la atsamunda linakhazikitsa nthambi ya maphunziro mu 1926, ndipo kumapeto kwa zaka zimenezo kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes ku Domasi. Dzinalo ndi la Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia amene anapereka madola 1 miliyoni mu 1907 kuthandiza masukulu a akuda a m'midzi ya kummwera kwa America. Ndiye mkangano wa Woodson ndi Jones, wofunsa kuti asankhe ndani zomwe mwana wakuda aphunzire, unafika mpaka m'makalasi a makolo athu. Buku lake la 1933, The Mis-Education of the Negro, likunena za sukulu imene imaphunzitsa mwana kudzinyoza, ndipo mlandu sanauike pa azungu okha. Anadzudzula kwambiri akuda ophunzira amene ankabwereza zomwezo kwa ana.

Mbewe:
Komatu tisamuyeretse. Anakangana ndi Durkee, anakangana ndi Jesse Moorland amene anali msungichuma wa bungwe lake, anakanganapo ndi achinyamata omwe anawalera yekha ngati Lorenzo Greene ndi Rayford Logan. Pamene Phelps-Stokes inayambitsa ntchito ya buku lalikulu lofotokoza zonse za anthu akuda mu 1931, poyamba sanamuitane, atamuitana anakana, n'kuyamba lake. Mapeto ake la Phelps-Stokes, limene mkonzi wake anali Du Bois, silinamalizidwe, lakenso silinatuluke ali moyo. Akanagwirizana bwenzi lilipo limodzi.

Mayi Nangondo:
Zoona a Mbewe, anali munthu wovuta kugwira naye ntchito, ndipo nkhani ya buku lalikululo ndi yomvetsa chisoni. Koma yang'anani zomwe zinachitika ndalama za azungu zitauma. Bungwe silinafe. Linatembenukira kwa aphunzitsi a pulaimale, mipingo, magulu a amayi ndi ana asukulu opereka timakobiri. Luther P. Jackson ankayenda m'masukulu a ku Virginia chaka ndi chaka kusonkhetsa. Greene ndi anzake anayenda pa galimoto kummwera mu 1930 akugulitsa mabuku m'matchalitchi ndi khomo ndi khomo, nthawi ya umphawi waukulu ija. Magazini sinadumphe. Akanalola kulowa pansi pa yunivesite yodalira thumba lomwelo, mkonzi akanakhala wosankhidwa ndi eni ndalama, ndipo tikudziwa zomwe eni ndalamawo ankafuna kuti akuda aphunzire.

Msindikizi:
Ndipo osaiwala kuti anali ndi kampani yake yosindikiza, Associated Publishers, kuyambira 1921, chifukwa makampani akuluakulu ankati mabuku otere sangagulidwe. Buku lake lophunzitsira la 1922, The Negro in Our History, linasindikizidwa kambirimbiri, ndipo anakonzanso ena osavuta a ana a sekondale ndi pulaimale. Wojambula zithunzi zambiri za mabuku ndi magazini ya ana anali Lois Mailou Jones. Za ku Africa sanazisiye: nthano mu 1928, buku lotsogolera aphunzitsi mu 1936, la ngwazi za ku Africa mu 1939.

Sabata ya mbiri ya anthu akuda imene anayambitsa mu Febuluwale 1926 tiziiona motero, ngati njira yofikitsira zofufuzidwa m'kalasi. Anasankha sabata yachiwiri chifukwa akuda ankakumbukira kale kubadwa kwa Pulezidenti Abraham Lincoln pa 12 ndi kwa Frederick Douglass, wolimbana ndi ukapolo, pa 14. Sanayambitse mwambo wachilendo, anamanga pa umene unalipo. Isanafike sabatayo ofesi inkatumiza makalata kwa akuluakulu a maphunziro, abusa ndi manyuzipepala, kenako timabuku, zithunzi zopachika ndi timasewero ta ana. Mu Okutobala 1937, Mary McLeod Bethune, amene anali pulezidenti wa bungwelo, atalimbikira, inayamba Negro History Bulletin, yotuluka mwezi ndi mwezi m'nyengo ya sukulu, ya chilankhulo chosavuta. Chimene ankadana nacho ndi msonkhano woitana mlaliki wa mawu okoma wosadziwa mbiri, anthu n'kuomba m'manja n'kubalalika. Ankafuna kuti sabatayo ana azionetsa zomwe aphunzira chaka chonse. Kukula kukhala mwezi kunadza iye atamwalira: ophunzira a ku Kent State mu 1970, Pulezidenti Gerald Ford mu 1976. Ku Britain unayamba mu Okutobala 1987 ndi khama la Akyaaba Addai-Sebo wa ku Ghana.

Nabanda:
A Wankhokwe, mapepala enieniwo atasindikizidwa ankawaika kuti? Ndipo banja kapena mpingo umene uli ndi bokosi la makalata akale lero uchite chiyani?

Wankhokwe:
Pakati pa 1929 ndi 1938 anapereka ku Library of Congress zinthu zoposa 5,000, kuphatikizapo mapepala a bishopu Benjamin Tanner ndi a Whitefield McKinlay. Anasankha bwino. Nyumba yake inali ya njerwa ndi matabwa, yodzaza mapepala. Ndiponso nkhokwe za zolembedwa zakale za zigawo za kummwera zinali za tsankho. Wofufuza mbiri wakuda John Hope Franklin atapita ku Raleigh mu 1939 anamukonzera kachipinda kayekha n'kumupatsa makiyi kuti azikadzitengera mafayilo, poti anyamata achizungu sakanamutumikira.

Za bokosi la pakhomo, choyamba musasokoneze kasanjidwe kake. Kalata yopanda tsiku imadziwika zaka zake ndi zomwe yagona nazo, ndipo envelopu musataye, chidindo cha positi ndi umboni. Chotsani mapini, masitepulo ndi malabala, chifukwa chitsulo chimachita dzimbiri n'kudya pepala, labala amasungunuka n'kumata. Pong'ambika musamatepo selotepi, guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga losachoka. Kulamineta n'koipa kuposa apo, sikubwezeka. Zodula za m'nyuzipepala zikhale pazokha: pepala lake ndi la mtengo wopera, lili ndi asidi, limafiira n'kuyamba kuthetheka, ndipo limadetsa chilichonse chogundana nalo. Zimenezo muyambe ndi kuzijambula. Polemba manambala gwiritsani pensulo yofewa, kuseri, pakona.

Mdani wamkulu ndi chinyezi. Chabwino n'chapakati pa 30 ndi 50 peresenti, chikapitirira 65 chuku chimamera. Pepala lonyowa limayamba chuku pasanathe masiku awiri, ndiye liyalidwe limodzilimodzi pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa. Bokosi likhale pa shelefu, masentimita 15 kapena kuposa kuchoka pansi, losagunda khoma lakunja, kuti chiswe chikamanga njira muchione. Mukapeza tizilombo, mangani mapepala ouma m'pulasitiki yotseka bwino, ikani m'firiza yozizira madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata, ndipo potulutsa musatsegule mpaka tsiku lathunthu litadutsa, kuti thukuta la kuzizirako ligwere kunja kwa pulasitiki. Pojambula ndi sikana musatsike pa madontho 300 pa inchi, jambulani mbali zonse ziwiri, ndipo makope akhale atatu, limodzi kunyumba ina. Ife kuno tikudziwa zomwe moto umachita: ofesi yaikulu ya boma ku Zomba itapsa mu 1919, mafayilo ambiri a zaka zoyambirira za atsamunda anapita.

Nasimango:
Kusunga ndi kwina, kupeza ndi kwina. Apa mpofunika kutchula Dorothy Porter, amene anapatsidwa udindo wosamala mabuku a za anthu akuda pa laibulale ya Howard mu 1930. Kasanjidwe ka Dewey kamene malaibulale ankatsata kankaponya pafupifupi buku lililonse la munthu wakuda pa manambala awiri, 325 ya zautsamunda ndi 326 ya ukapolo, ngakhale likhale la ndakatulo kapena la zamankhwala. Iye anawasanja mwa nkhani zawo zenizeni. Ndandanda yabwino ya bokosi la pakhomo ikhale ndi nambala ya chinthu, tsiku, wolemba, wolandira, malo, chiwerengero cha masamba, ndi mzere umodzi wa zomwe zilimo. Pamene tsiku mwangoliganizira, lembani kuti mwaganizira ndipo munene chifukwa.

Mbewe:
Nanga zake za iye mwini zinasungika?

Bambo Phiri:
Osati bwino ngati za ena. Anamwalira pa 3 Epulo 1950 m'nyumba yomweyo, ali ndi zaka 74, ndipo anaikidwa ku Lincoln Memorial Cemetery ku Suitland, m'chigawo cha Maryland. Bungwe linasamuka m'nyumbamo m'zaka za m'ma 1970. Ngakhale boma linaitcha chipilala cha dziko mu 1976, pambuyo pake inakhala yopanda munthu, madzi akulowa, mpaka mu 2001 inalembedwa pa ndandanda ya nyumba za mbiri zomwe zili pangozi. Nthambi ya boma yosamala malo otere inaigula mu 2005 n'kuyamba kuikonza. Mabuku a m'laibulale yake ali ku Emory University ku Atlanta, makalata ambiri ali ku Library of Congress.

Wankhokwe:
Ndipo mu 2005 momwemo Daryl Michael Scott wa ku Howard, akusanthula mabokosi a bungweli, anapeza buku lathunthu lotayipidwa limene Woodson analemba mu 1921 koma sanalitulutse, lodzudzula tsankho mosabisa mawu. Linagona zaka zoposa 80, ndipo linasindikizidwa mu 2008. Magazini ija ikutulukabe, kuyambira 2002 dzina lake ndi Journal of African American History. Makope a zaka zoyambirira, a zilengezo za akapolo othawa aja ndi makalata a anthu osamukira kumpoto amene anatuluka mu 1919, alipo pa intaneti kwaulere. Mayi Nabanda, mukafuna kuona kagwiridwe kake ndi maso anu, yambani ndi kope la Epulo 1916, gawo la zolembedwa zakale.